Tsamba la Mbuzi Litatsekedwa, Ndinathyola Mkono wa Alamu Anga

Zikomo a tcheyamani pondipatsa mpata. Zikomo akuluakulu, amayi ndi abambo nonse amene mumadyera malonda a ziweto pamsika uno. Inu anyamata kumbuyoko, tsitsani mafoniwo. Munandijambula kale, zinakwana. Lero mungomva ndi makutu.

Amene simundidziwa, dzina langa ndine Layitoni, bambo a Yamikani, mkamwini wa kuno kwa Chapananga. Amene mumandidziwa mumanditchula dzina lina, loti uja anathyola mkono wa mlamu wake, ndipo simunama. Ndaima pano ngati munthu wopanda kwawo. Mkazi ndili naye, ana ndili nawo, koma pakhomo pawo sindiloledwa kuponda, ndipo zoti ndidzabwererapo kapena ayi zili m'manja mwa munthu yemweyo amene ndinamupundula.

Mbuzi ndinayamba kugulitsa monga mmene ambiri a inu mumachitira. Kumanga ziwiri panjinga, kupalasa padzuwa lathu lino mpaka ku Dyeratu, kenako kukangana ndi mavenda a ku Blantyre amene amanena kuti mbuzi yaonda asanaigwire n'komwe. Amene anandiphunzitsa ntchitoyi ndi alamu anga a Dinala, achimwene awo a mkazi wanga, mwinimbumba wa pakhomo paja. Iwowa ndi amene anandionetsa kuwerenga msinkhu wa mbuzi pa mano ndi kuzindikira yodwala poyang'ana m'maso. Ngakhale chingwe changa choyamba anandipatsa ndi iwo.

Kenako ndinagula foni yamakono, ndipo ndinatsegula tsamba la bizinesi pa masamba a mchezo aja. Ndinkasambitsa tonde, kumuimika pamthunzi wa msawu, kumujambula, kulemba mtengo, basi. Usaone kubwera kwa mauthenga! A ukwati, a chinkhoswe, a Khirisimasi, Asilamu pa Idi, anyamata a chiwaya, onse ankandipeza pamenepo. Ndalama inkalowa pafoni, mbuzi n'kukwera lole, ine ndili khale pakhonde. A Dinala ndinawatsegulira lawo, koma ankaliona ngati nsapato ya ku tchalitchi, yovala mwa apo ndi apo. Iwo ankapitabe kumsika kukapsa ndi dzuwa, ine n'kumawaseka kuti ndi otsalira.

Kumsika ndinasiya kupita. Nambala ya kasitomala ngakhale imodzi sindinasunge, chifukwa ndinkati ndisungirenji poti onse ali pa tsamba. Ena ankadzitchula mayina a maluwa, ena a matimu a mpira, nkhope zawo sindinazionepo. Ndinakula mtima moti ngakhale moni wa alamu anga ndinkayankha ndi chibwano, maso ali pafoni. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo ine wogulitsa mbuzi mwambi umenewu ndinkaudziwa bwino lomwe.

Tsopano mverani za eni ake a masamba aja, anthu amene sanapondepo kuno, amene sadziwa fungo la khola. Anayamba ndi kundibisa. Chithunzi chimene kale chinkaonedwa ndi khamu chinayamba kuonedwa ndi anthu owerengeka, ndipo pansi pake panatuluka kabatani koti ndilipire kuti chifike kwa ambiri. Anthu anga omwe, amene anabwera okha kudzanditsatira, ndiziwagulanso! Ndinalipira. Sipanapite nthawi, anati zithunzi zatha fasho, tsopano akufuna makanema afupiafupi. Ine bambo wa ana ndinavina m'khola nditanyamula kamwana ka mbuzi, apongozi anga akusuzumira pampanda n'kumagwedeza mutu. Bandulo inkatha ngati madzi pamchenga, netiweki mpaka kukwera pachulu. Anabweretsanso kachizindikiro kolipira mwezi ndi mwezi, kuti anthu adziwe kuti ine ndine ine. Ndinagulitsa msoti kuti ndigule kachizindikiro. Chilichonse chimene anatulutsa ndinkachithamangira, ndipo phindu linkangochepera.

Kenako anayamba kuchotsa zithunzi zanga. Ndikaika tonde m'mawa, pofika masana wachotsedwa, pamalo pake pali mawu a Chingerezi oti ndaphwanya malamulo awo. Lamulo lake liti, osanena bwinobwino. Ine n'kuikanso, iwo n'kuchotsanso, mpaka tsiku lina ndinapeza tsamba lonse latsekedwa. Linali dzinja likuyandikira, Khirisimasi ili pakhomo, khola lodzaza ndi mbuzi zimene ndinagula kuti ndigulitse pa nyengoyo.

Ndinawalembera mopepesa, monga mmene munthu woleredwa bwino amachitira kwa akulu. Ndinayamba ndi moni, ndinawafunsa za moyo, ndinafotokoza kuti ndili ndi ana kusukulu, ndinati ngati ndalakwa andikhululukire. Yankho linabwera foni ndisanaibwezere m'thumba. Mawu ake omwe aja. Ndinalembanso mogwada kuposa poyamba, yankho lomwelo. Palibe munthu anawerenga, ndinkapepesa makina.

Makasitomala onse anapita ndi tsambalo, panalibe ngakhale mmodzi woti ndimuimbire. Msipu unali utatha, mbuzi zinkalira m'khola, zina zinayamba chitsokomolo, zina ndinagulitsa motaya kwa mavenda omwe aja ndinkawanyoza. Ine ndinapeza mpumulo pa kachasu wa masau. Poyamba madzulo okha, kenako kuyambira m'mawa. Make Yamikani akandifunsa za ufa ndinkawayankha ndi mwano. Njinga inapita ku kachasu, sola yotchajira foni inapitanso komweko.

Koma chimene chinkandiwawa kuposa zonse ndi ichi: lole inkabwerabe kwa a Dinala. Tsiku la msika lililonse mbuzi zawo zinkakwera kupita ku Blantyre, ine zanga zikufa. Ndikakhala pa kachasu anzanga ankandikolezera. "Iwe Layitoni, n'zoona zimenezi? Nonse muli pa tsamba, nonse mbuzi, koma kutsekeredwa iwe wekha? Tsegula maso." Ena mwa anthu amene ankanena zimenezi ndikuwaona pano, akuyang'ana pansi. Sinditchula mayina.

Ndinapita kwa sing'anga wina cha kumalire, nditakoka tonde wanga womaliza wonenepa. Bambo uja anatenga foni yanga, anaipaka mankhwala akuda kumsana, anaiika pambali pa nsupa, kenako anandicheka mphini pa chala chachikulu, chimene ndimadinira.

"Shamwali, pinthu pyako pyamangwa," anatero.

"Wamanga ndani?"

"Munthu wa pafupi. Mumadyera mbale imodzi. Zake zikuyenda."

Onani bwino, dzina sanatchule. Anthu amenewa ndi ochenjera, amakupatsa malaya opanda mwini, iwe wekha n'kukamuveka amene wamuda kale mumtima. Tonde anadya, tsamba silinatseguke, ine ndinabwerako ndi dzina la alamu anga pakamwa.

Zotsatira zake zinachitikira pano pomwe. Linali tsiku la msika, dzuwa lili pamutu, ine nditakhuta kachasu. A Dinala ankakweza mbuzi m'lole pafupi ndi mlambe uwo. Ndinaima pakati pa anthu n'kukuwa kuti ndi mfiti, anandimangira malonda, amawulukira ku Blantyre kukandiba makasitomala. Iwo anangoti, "Alamu, tiyeni tikakambirane kunyumba." Ine ndinasolola mpini wa khasu pa katundu wa mayi wina wogulitsa. Anatchinga mutu ndi mkono wamanja, mpini unagwera pa chigongono, ndipo kulira kwa fupa kuja ndimakumvabe.

Panali anthu ambirimbiri. Wondigwira anali mmodzi kapena awiri, enanu munakweza mafoni. Ndiye mverani nkhanza za masamba aja. Tsamba lomwe linati chithunzi cha mbuzi yodya masamba ake mwamtendere n'chophwanya malamulo, kanema wa ine ndikuswa fupa la munthu linamuyendetsa dziko lonse, ulere, popanda kabatani kolipira. Khamu limene ndinkalifuna ndi ndalama zanga ndinalipeza tsiku limenelo. Kukhoti sipanafunike mboni zambiri, anangoonetsa kanemayo.

Za kundende sindinena zambiri. Mgaiwa wosapsa, nandolo wofumbwa, kugona chokhala bondo la mnzako lili pamsana, kutentha koti khungu limamatirana ndi khoma. Kachasu anandichoka m'thupi mondinjenjemeretsa ngati malungo. Koma musaganize kuti ndinalapa. Ayi ndithu. Ndinkakhala pakona n'kumakonza mmene ndidzawotchere khola la a Dinala ndikadzatuluka, ndipo ndinkapemphera kuti Mulungu andisunge mpaka tsiku limenelo. Umu ndi mmene ndinalili, wopemphera kuti ndikachite choipa.

Mapira anacha kumudzi, anakololedwa, ine ndili mkati. Tsiku lina masana msilikali anandiitana kuti kwabwera mlendo. Ndinathamanga poganiza kuti ndi make Yamikani. Nditafika pawaya ndinapeza a Dinala, atavala malaya awo a ku tchalitchi. Chikhakha anali atachotsa, koma mkono unali utapola mokhota, wowonda, dzanja lili lopindikira pamimba.

"Mwaswera bwanji, alamu?" anatero.

Ine ndinangoyang'ana mkono uja.

"Mlongo wanga wapereka masau ndi sopo."

Anaika jumbo pa kashelefu kaja kuti msilikali aone zamkati. Jumboyo inali yomanga mfundo. Anayesa kumasula ndi dzanja lamanzere, inakana. Anayesa kuigwira ndi dzanja lopuwala lija, inaterereka. Msilikali anangoima n'kumayang'ana, ine ndinangoima n'kumayang'ana. Munthu amene ankamanga tonde wolusa yekha, mfundo imodzi basi osamasuka mpaka ku Dyeratu, anawerama n'kuluma jumbo ndi mano. Masau ena anagwa pansi n'kugubuduzika. Mumtima mwanga munachita kena kake, koma mkamwa munali mukadali ululu.

"Mwabwera kudzaona ngati mankhwala anu akugwira ntchito?" ndinawafunsa.

"Ndabwera ndi funso limodzi. Ngati tsamba lanu ndinamanga ndine, langa anamanga ndani?"

"Lanu liti?"

"Lomwe munanditsegulira lija. Anatseka lanu lisanatsekedwe n'komwe. Eni ake anakhwimitsa lamulo loti nyama yamoyo isamagulitsidwe pamenepo. Mbuzi, ng'ombe, nkhuku, ngakhale galu. A ng'ombe ku Ngabu anawatsekera, a nkhuku ku Nsanje anawatsekera. Onsewo ndinawalodza ndine? Ndili ndi mphamvu zotani ine, munthu wolephera kumasula jumbo?"

Ndinagwira waya. "Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ndikanakuuzirani pati? Moni wanga munasiya kuyankha kalekale."

"Koma lole inkabwerabe kwa inu."

"Anthu aja ndadya nawo kanyenya zaka zambiri, alamu. Manambala awo ndili nawo, nkhope zawo ndimazidziwa, kukagwa maliro kwawo ndimakwera basi. Tsamba litatsekedwa ndinangowaimbira. Mankhwala anga ndi amenewo."

Ndinafuna kutsutsa. Ndinafufuza m'mutu monse pomwe ndingawagwirire bodza, osapapeza. Ndinakhala pansi pafumbi pompo, akaidi anzanga akuyang'ana. Ndinalira, ndipo sindichita manyazi kunena. Sikunali kulira kwa chisoni chokha, kunali kulira kwa munthu amene wazindikira kuti anapundula m'bale wake chifukwa cha lamulo lolembedwa ndi anthu akutali amene sadziwa kuti iye kapena m'bale wakeyo aliko.

A Dinala anandisiya ndilire. Kenako anati, "Mkono ndaupereka, sindikufuna kanthu. Koma pali china chimene munathyola tsiku lija. Ana amagenda denga la amayi. Mkazi wanga akafika pa mjigo azimayi amachotsa zidebe zawo. Ku mpingo anandipumitsa pa udindo kuti nkhani izizire, mpaka lero sinazizire. Anthu akuopa kundigulitsa mbuzi, ati ndikaigwira khola lonse litha. Inu muli muno mudzatuluka. Ine ndende yanga ilibe tsiku."

"Ndichite chiyani, alamu?"

"Munanena pamsika, masana, anthu atadzaza. Mukabweze pamsika womwewo, masana, anthu atadzaza, musanamwe. Mukadzatero, tidzakambirana za pakhomo. Musanatero, musapondepo."

Atatero anatola masau aja amene anagwa, limodzilimodzi ndi dzanja lamanzere, anapukuta fumbi pa malaya awo, n'kubwezera m'jumbo.

Nditatuluka ndinapita kwa amayi anga. Make Yamikani ndinakumana nawo panjira ya kuchigayo, ndipo sanandibisire. "Achimwene akavomera, chitseko n'chotsegula," anatero. "Akakana, ine sindingataye magazi anga chifukwa cha mwamuna." Ndinawafunsa za ana. Anati Yamikani anasiya kupita ndi anzake kudambo chifukwa amamuonetsa kanema uja.

Muyenera kudziwa kuti sindinabwere kuno msanga. Ndakhala ndikuzungulira msika uno ngati galu wakuba, ndikafika pamlambe n'kubwerera. Kumenya munthu pagulu n'kosavuta, kachasu amakuthandiza. Kubweza mawu kulibe wokuthandiza.

Pakali pano ndinayambiranso pansi. Kachasu ndinasiya, ndipo njira yodutsa kumene amatcheza sindiyendamo, ndimazungulira ngakhale kutalike. Ndinayamba ndi ganyu yokusa mbuzi za eni kupita ku Dyeratu wapansi, fumbi m'kamwa, anyamata amene kale ndinkawatuma akundilamula. Kenako ndinagula msoti mmodzi, wabereka. Aliyense amene ndagulitsana naye kanthu ndimamupempha nambala, ndimamufunsa kwawo, ndimamuyang'ana kumaso kuti mawa ndidzamuzindikire. Wa butchala wina ku Nchalo mwana wake atadwala ndinamuimbira kumufunsa za matenda, osatchula mbuzi, ndipo lero ndi amene amayamba kundiimbira.

Sindikukuuzani kuti mutaye mafoni, ndinganame, inenso yanga ili m'thumbamu. Ndikukuuzani kuti pa masamba paja tonsefe ndife akamwini. Ukhoza kumangapo nyumba ya malata, ukhoza kudzalapo mitengo, koma malo ndi a eni, ndipo tsiku limene asintha maganizo katundu wako umamupeza panja. Bola kuno kumudzi pamakhala ankhoswe okumvera mbali yako. Kumene kuja kulibe nkhoswe, kulibe bwalo, kuli makina oyankha usanamalize kulankhula. Lero akufuna makanema, mawa afuna china, ndipo sadzakufunsani. Choncho amene muli ndi tsamba, ikanipo dzina lanu ndi dera lanu kuti anthu akudziweni, koma malonda enieni muzikambirana pa nambala, ndipo kasitomala aliyense mumutulutse pa tsambapo akhale wanu. Mpamba wa mbuzi musamaudyetse kabatani kolipira. Akakuchotserani chithunzi musalimbane nawo ngati mmene ndinachitira ine, pezani wodziwa Chingerezi akuwerengereni lamulo lawo lonse, ngakhale litalike chotani.

Ndipo a tcheyamani, gulu lino lili ndi ntchito. Wina akamva kuti lamulo lasintha, anene pano tsiku la msika, tonse timve. Zinthu zikakuima, usanapite kwa sing'anga, usanapite ku kachasu, pita kwa mnzako wa malonda omwewo ukamufunse kuti kodi nawenso zakuchitikira? Funso limeneli silidya tonde. Ine ndikanalifunsa, bwenzi munthu ali ndi mikono yake iwiri.

Tsopano ndifike pa chimene ndabwerera. Ndi masana, msika wadzaza, ndipo a tcheyamani andinunkhiza m'kamwa ndisanayambe, angachitire umboni. Alamu anga akhala apo pa benchi, pafupi ndi sikelo. Ayang'aneni, musayang'ane ine.

A Dinala si mfiti. Sanamange tsamba langa, sanandibe kasitomala, sanandilakwire kalikonse chibadwire. Bodza limenelo linatuluka m'kamwa mwanga, linabadwa ndi nsanje ndi kachasu, ndipo inu munalilandira chifukwa linali lokoma kumva. Inu amayi amene mumachotsa zidebe pa mjigo, mukazibwezere. Inu amene ana anu amagenda denga la apongozi anga, mukawaletse lero, ndipo ngati manja akuwayabwa muwatumize kwa ine. Akuluakulu a mpingo amene muli pano, mwamva ndi makutu anu. Amene muli ndi mbuzi yogulitsa, munthu woona mtima pa mtengo ndi ameneyo, ndipo popeza chingwe sangamangenso, ndidzamanga ndine tsiku lililonse limene angandilole.

Alamu, ndabweza pamene ndinanenera. Mkono sindingathe kubweza, mudzapita nawo kumanda uli choncho, ndipo ine ndikudziwa. Chikwama changa cha zovala ndachisiya kwa mayi wogulitsa makasu uja, sindinachibweretse pano kuopa kuoneka ngati ndikukukakamizani. Mukati ndidikire, ndidikira. Mukati ayi, ndibwerera kwa amayi osatukwana munthu. Koma mukandilola, ndikufuna ndikafike kusanade, Yamikani andione ndikulowa pakhomo ndi miyendo yosadzandira.

Ndathera pamenepa. Takhuta, zikomo.